Nkhono za Gogo Maureen

Alberton, Joni
Mwezi wa Novembala

Okondedwa amayi,

Ndayamba ndi kugwada, ngakhale simukundiona. Muli bwanji kumudziko? Bondo lija likukuvutanibe m'mawa? Nanga amalume, chifuwa chija chinawasiya? Ndamva kuti mvula yayamba kumeneko, kaya mwadzala kale kapena mukudikira kuti nthaka inyowe bwino.

Kuno tili moyo. Mdzukulu wanu Miracle wanenepa, masaya akuchita kulendewera, ndipo wayamba kuseka mokweza. Bambo ake m'thupi ali bwino, za mumtima ndinena m'munsimu.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni simukupezeka. Ndikaimba kwa amalume masana, ati mwapita kudimba. Ndikaimba madzulo, ati mwagona. Amayi, inu kugona nkhuku zisanalowe, munayamba liti? Ndiye ndapatsa a Jimmy, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno, kuti akupatseni m'manja. Magalasi muli nawo, muwerenge nokha.

Mawu amene munatumiza kudzera kwa amalume anafika. Akuti mkamwini wanu Masautso asadzapondenso pakhomo panu, ndipo nyumba imene tinayamba kumanga pamalo panu iime pomwe yafikapo. Sindikukutsutsani. Ndikungopempha kuti mumve nkhani yonse, chifukwa munachoka kuno mutamva theka, ndipo theka linalo ndinalikhalira ndine.

Mukukumbuka kuseri kwa nyumba ya abwana athu, gogo Maureen, kumene mpanda umakwera kaphiri ka miyala? Tsiku limene munafika kudzandithandiza chikuta munaima pakhomo pa kanyumba kathu, n'kuyang'ana kumeneko, n'kundifunsa ngati mwamuna wanga amalandira malipiro a gadeni yonse kapena ya kumaso kokha. Ndinaseka. Zoonadi, kumaso kapinga wometedwa bwino, maluwa m'mizere, koma kuseri masamba ouma mpaka m'akakolo, udzu wautali, zitsa zowola. Munati kwathu mkazi wa pakhomo lotere amamuimba nyimbo pamtondo.

Amayi, malo aja sanasiyidwe chifukwa cha ulesi. Anali malo a nkhono.

Ndikudziwa kuti pamenepa mwatsonya. Tsonyani, koma pitirizani kuwerenga.

Kuno nkhono zili mitundu. Kuli tating'ono tofiirira timene timadya ndiwo zamasamba ndi maluwa. Timeneto akuti si ta kuno, tinabwera kalekale ndi katundu wa azungu, ndipo tachulukana moti aliyense amatithira mankhwala. Ndiye pali zina zikuluzikulu, chigoba chake chachitali, chamizeremizere, chodzaza chikhatho. Izi ndiye eni dziko. Zinalipo migodi isanakumbidwe, Alberton ali tchire lokhalokha. Sizikhala m'madzi, ndipo si zimene zimapereka likodzo. Koma ife kwathu zonse timangoti nkhono, basi.

Pali mayi wina wa ku yunivesite, a Zuleikha, amene amabwera mvula ikayamba kudzaziwerenga. Ndinkawapangira tiyi, ndiye pakamwa pangapa mumapadziwa, tsiku lina ndinawafunsa ngati kusukulu kwawo kunasowa zina zophunzira. Anaseka, n'kundifotokozera bwinobwino. Ati tchire limene zinkakhalamo lasanduka nyumba, misewu ndi mafakitale ngati a ku Alrode. Ati kumene kwatsala tchire kumapsa chaka ndi chaka, ndipo mankhwala ophera tating'ono tija amapha ndi zazikuluzi zomwe. Ati mbalame ikaona moto imauluka, mbewa imathawa, koma nkhono imafera pomwe yakhala. Ati mitundu ina ya nkhono za dziko lino inalembedwa kale pa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo ina palibe akudziwa kuti yatsala yochuluka bwanji, chifukwa oziwerenga ndi ochepa. M'dera lathu lonse lino iwo sankadziwa pakhomo pena pomwe zinkapezekabe.

Gogo Maureen ndiye ankaziona ngati ziweto zawo. Anthu omanga mafulati akhala akubwera kudzawanyengerera kuti agulitse malowa. Mwana wawo wa ku Durban naye wakhala akuwakakamiza kuti asamukire kumeneko, poti akalamba ndipo amakhala okha. Onsewo ankawayankha chimodzimodzi, kuti iwo akachoka nkhono zawo adzazithira simenti.

Ndiye ntchito ya Masautso kuseri kuja inali yosasesa, yosatentha, yosathira mankhwala. Chilimwe ankachita kututa masamba kumaso n'kukawathira kumeneko. Poyamba ankati ndi misala ya azungu. Koma pang'ono ndi pang'ono zinamulowa. Mvula yoyamba ikagwa ankapita kukaziona, n'kubwera akumwetulira ngati munthu amene mbuzi yake yaswa, ati zatuluka, ati chaka chino kuli ndi ana omwe. Ine ndinkamuseka kuti anzake ku Joni akuweta magalimoto, iye akuweta nkhono.

Nthawi yozizira zimalowa pansi pa masamba, n'kutseka pakamwa pa chigoba, n'kugona mpaka mvula. Inu munabwera mu Ogasiti, zili m'tulo. N'chifukwa chake simunaone ngakhale imodzi ikuyenda.

Mufunsa kuti nanga bwanji palibe anakuuzani. Masautso sakanatha. Mukudziwa nokha ulemu umene amakupatsani. Mukatulukira uku, iye amalowera uko. Chikwatirireni sanadyepo pamaso panu, ndipo moni amakupatsani atanjuta chapatali, maso ali pansi. Munthu wotere akanayamba bwanji kuuza apongozi ake kuti apa musasese, apo musagwire? Anandituma ine. Madzulo a tsiku lomwe munafika anandiuza kuti ndikuuzeni, mawa lake anandikumbutsanso. Ndinamuyankha kuti asandivute, amayi ndi anga, ndiwauza.

Sindinakuuzeni. Manyazi anandigwira. Ndinkaganiza kuti ndikangotchula, nkhani ikafika kumudzi ine ndisanafike, kuti mwamuna wa Mavis anadutsa maboda onse aja kukalondera nkhono. Inunso pakamwa panu simupadziwa ngati? Ndinakumbukanso achimwene Abel ali mwana, momwe munavutikira nawo atadwala likodzo, ndi momwe kuyambira pamenepo nkhono iliyonse mumaiphwanya ndi mwala. Ndinkangoti ndiwauza mawa, mtima wawo ukakhala pansi. Mwana kubere, tulo tosakwana, mawa lakelo silinafike.

Za m'mawa uja mukuzidziwa, koma mukudziwa za kumene munaima inu. Lekani ndikuuzeni za mbali inayo.

Munadzuka ife tili m'tulo, monga mwa nthawi zonse. Kunkazizira, ndiye munatenga jasi yanga yobiriwira ndi duku langa pamsomali. Munatenga tsache n'kupita kuseri kuja, chifukwa mlendo wa ulemu sangodya ndi kugona pakhomo pa eni. Pansi pa masamba munapeza zigoba, ndipo ndikudziwa kuti munaganiza za mdzukulu wanu amene adzakwawe pamenepo. Munaunjika masamba, n'kuyatsa, n'kumatola nkhonozo n'kumaponya pamoto. Mphepo ya Ogasiti ya kuno simunaidziwe. Moto unalumphira mu udzu.

Masautso anali atatulutsa mabini a zinyalala kumsewu. Pobwera anangoona utsi uli tolo, moto ukukwera miyala, ndi munthu wovala jasi yanga atam'patsa msana, akuponya zinthu pamoto. Anathamanga akukuwa.

“Iwe! Iwe, wapenga? Siya zimenezo!”

Anakutsompholani tsache chakumbuyo. Ndiye munatembenuka.

Ine ndinatuluka ndi mwana m'manja nthawi yomweyo. Amayi, nkhope imene ndinaona pa mwamuna wanga sindinaionepo. Pakamwa panali yasa, tsache linagwa lokha. Mwauza amalume kuti chinakupwetekani kwambiri n'chakuti sanagwade pomwepo, anangokusiyani chiimire n'kuthawa. Sanathawe. Moto unali utafika pampanda wamatabwa wa nyumba yoyandikana nayo, ndipo kuseri kwa mpandawo kuli chipinda chimene mumagona ana. Anathamangira paipi ya madzi. Manja ake anapsa tsiku limenelo, zipsera zilipo mpaka lero.

Kenaka ine, ndi nzeru zanga zoperewerazi, ndinati ndikonze zinthu. Ndinakuuzani kuti musakwiye, amayesa ndine. Munandiyang'ana, n'kundifunsa.

“Ndiye kuti mwana wanga amamukuwa chonchi ine kulibe?”

Ndimati ndizimitse, ndinangosonkhezera. Ndiyankhe lero funso limenelo, poti tsiku lija ndinangoti kakasi. Iyayi, amayi. Masautso sanandikwezerepo dzanja, ndipo mawu ake ambiri ndimachita kumufunsa kawiri kuti wati chiyani. M'banja muno wokuwa ndine, ndipo kumene ndinatengera mukukudziwa. Tsiku lija anakuwa chifukwa anaona chinthu chimene anachisamala zaka zonsezi chikupsa, ndipo ankakhulupirira kuti wotenthayo ndi munthu amene akudziwa bwino lomwe kuti pansi pa masambawo pali chiyani.

Munakana kudya. Munamanga katundu n'kupita ku Vosloorus kwa mayi Dorah a kutchalitchi, kukadikira basi. Masautso anapita kumeneko manja atamangidwa mabandeji, n'kukagwada pageti. Mayi Dorah anamuuza kuti mwati simukumudziwa. Atabwerako anangokhala pampando n'kumayang'ana khoma.

Zimene zinachitika inu mutachoka ndi izi.

Gogo Maureen anatuluka ndi ndodo yawo moto utazima. Anaima pamenepo, malo onse ali bii, utsi ukufukabe m'zitsa. Ndinkadikira kuti atilalatire, atithamangitse tsiku lomwelo. Sanatero. Choyamba anafunsa ngati amayi anga sanapse. Nditawafotokozera kuti kwathu kusesa pakhomo pa munthu ndi njira yothokozera, ndiponso kuti inu simunadziwe kanthu, anati ndidzakuuzeni kuti mtima wanu aumvetsa. Anatinso tidikire mvula, mwina zina zinali pansi kwambiri moti moto sunazifike.

Tinadikira. Masautso ankayenda m'makomo oyandikana nafe kupempha masamba ouma, n'kumabwera nawo m'matumba kudzafunditsa pomwe panapsa. Anzake a m'magadeni ankamuseka kuti Mmalawi wayamba kutola zinyalala za eni.

Mvula inagwa kumapeto kwa Okutobala. Masautso anapita kuseri kuja, koma sanapeze ngakhale imodzi. A Zuleikha anabwera, ndipo awiriwo anayenda chokwawa tsiku lonse, kuvundukula mwala uliwonse. Ankangopeza zigoba zoyera mbee, zina ukazigwira zimafumbutuka m'manja. Itagwanso mvula yachiwiri anabweranso, koma zinali chimodzimodzi. Sanakalipe mayi aja. Anati mwina patsala mazira penapake, koma sakufuna kutinamiza. Anatinso moto wathuwu si umene wazimaliza m'dera lino, zinatha kale kwina konseko, ife tangopezeka kumapeto. Anatenga zigoba zingapo m'kabokosi. Potsanzika anandiuza kuti m'mabuku awo alemba kuti pano zinalipo.

Mawu amenewo anandilasa, amayi. Ine amene ndinkaseka. Ndinapita kuseri kwa kanyumba kathu n'kukalira nkhono, mayi wamkulu ndi mwana kumsana. Ndinkangoganiza kuti zinapirira migodi, misewu, mankhwala, zonsezo, n'kudzathera m'tulo chifukwa choti Mavis anachita manyazi kutsegula pakamwa.

Sabata yatha gogo Maureen anatiitana kukhitchini. Anatiuza kuti nyumba agulitsa. Ati chimene chinkawagwira pano chapita, ndipo alibenso choyankha mwana wawo. Asamukira ku Durban Khirisimasi isanafike, omanga mafulati ayamba ntchito mu Januwale. Analira, n'kumatipepesa ife, ngati olakwa ndi iwo. Anayesa kutifunsira ntchito kwa anzawo, koma masiku ano palibe akufuna banja lokhala pakhomo, la mwana wakhanda, ndipo za mapepala athu mukuzidziwa mmene zimavutira. Tayenda, tafunsa, mpaka ku Alrode Masautso wakaima pamageti. Palibe chatuluka. Ntchito yatha, kanyumba kathanso.

Sindikulemba izi kuti ndikusenzetseni mlandu, Mulungu akundiona. Inu munachita zimene munatiphunzitsa tonse, kuti pakhomo pa munthu pazikhala poyera, ndipo munkateteza mdzukulu wanu. Masautso naye sanatchulepo dzina lanu moipa, ngakhale kamodzi. Ine amene anandituma n'kulephera, sanandifunsenso kuti bwanji sunawauze. Bola akanandikalipira, mwina mtima ukanapepuka.

Munthuyu akutha, amayi. Thalauza akuchita kumanga ndi chingwe. Ndikamuuza kuti ntchito ina idzapezeka, amati si za ntchito. Amati pakamwa pake panatuluka mawu amene sangabwerere, ndipo akatseka maso amaona inu mukutembenuka. Anatuma ankhoswe ake kwa amalume kuti abwere ndi nkhuku kudzapepesa. Yankho linabwera lakuti nkhuku ya chipongwe simudya.

Ndikudziwa kuti zinakuwawani. Mkazi wamkulu ngati inu, mwayenda ulendo wonse uja kudzasambitsa mdzukulu wanu, mwatupa miyendo m'basi, kenaka mkamwini n'kukutchulani iwe, n'kukulandani tsache ngati kamwana. Zikanakhala ine, kaya ndikanatani. Sindikuti muiwale. Koma taganizani kuti munthuyu apita kuti. Makolo ake anatsogola kale, malo a kwawo ndi a alongo ake ndi ana awo. Tsiku limene anandikwatira munamulozera nokha pomanga, n'kunena pamaso pa anthu kuti mwapeza mwana wamwamuna. Kwina kumene angapite kulibe.

Tikwera basi sabata ya Khirisimasi isanafike, tsiku lenileni a Jimmy adzauza amalume. Masautso wanena kuti mawu anu sawaphwanya. Ati adzatsikira pa Linthipe, n'kukhala pakhonde la sitolo ndi katundu, kudikira mpaka mutatumiza mawu. Ati ine ndi mwana titsogole, poti ife simunatiletse.

Ndamukanira, amayi. Ndakhala ndikukumverani moyo wanga wonse, ngakhale pamene ndinkang'ung'udza, koma apa pokha mundikhululukire. Sindingalowe m'nyumba mwanu, kudya, kugona pamphasa yanu, mwamuna wanga ali pakhonde la eni chifukwa cha uthenga umene ine ndinaukhalira. Pamene adzakhale iye ndi pamene tidzakhale ine ndi Miracle, kaya mvula igwe.

Mundiperekere moni kwa amalume, muwathokoze chifukwa cha kutopa ndi mafoni anga. Moni kwa achimwene Abel ndi alamu, kwa ana onse, ndi kwa amayi a chigwirizano amene amandifunsa. Mayi Dorah akuti ndikupatseni moni. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu m'maondomo ndi mvula yabwino m'munda.

Mukafuna kunyamula mdzukulu wanu, tumizani munthu pa Linthipe. Koma adzaitane anthu atatu.

Ndine mwana wanu,
Mavis